Ngongole za alimi zikutupa zokha mu database, tithandizeni

Kalaliki wa ku Ulongwe

Moni nonse a pagulu pano. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa loja ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda kuno ku Ulongwe. Alimi amene timawadziwa timawapatsa katundu pa ngongole mvula isanagwe, iwo amadzabweza pang'onopang'ono akagulitsa soya, nyemba kapena kachewere. Zonse timalemba mu Access, pulogalamu ya Microsoft yosungira kaundula pa kompyuta. Anatikonzera database imeneyi ndi mnyamata wina amene anasamukira ku Beira, ndipo nambala yake sikugwiranso.

Vuto ndi ili. Lipoti la ngongole likutulutsa ndalama zosiyana ndi za m'kaundula wa pamanja. Pali mlimi wina amene m'kaundula watsala ndi 2,000 MT, koma lipoti likuti 9,000 MT. Alimi ena zawo zili bwinobwino. Ena amene ndikudziwa kuti sanabwezeko ngakhale metikali imodzi sakuoneka n'komwe pa lipotilo. Abwana akuti ine ndimalemba zinthu kawiri, koma ndatsegula matebulo ndipo chilichonse chinalembedwa kamodzi.

Chachiwiri, ndikafufuza dzina lokhala ndi ng', monga Ng'oma, pamatuluka uthenga wa Error 3075 ndipo fomu imaima. Mayina ena onse amatuluka popanda vuto.

Wakompyuta wa ku Moatize

Achimwene, mlimi wa 9,000 MT uja anatenga katundu kangati, ndipo wabweza kangati? Tipatseni ndalama zake zokha, dzina ayi.

Kalaliki wa ku Ulongwe

Anatenga kawiri, katundu wa 3,000 ndi wa 2,000. Wabweza katatu, 1,000 ulendo uliwonse.

Wakompyuta wa ku Moatize

Basi, mlandu si wanu, uli mu query (funso lotola mizere m'matebulo) imene ikudyetsa lipotilo. Mnyamata uja analumikiza matebulo atatu nthawi imodzi: la alimi, la katundu wotengedwa, ndi la zobweza. Mukatero Access imatenga mzere uliwonse wa katundu n'kuuphatikiza ndi mzere uliwonse wa zobweza. Mizere 2 ya katundu ndi mizere 3 ya zobweza imabala mizere 6. Ndiye ngongole iliyonse yawerengedwa katatu, 5,000 yasanduka 15,000. Chobweza chilichonse chawerengedwa kawiri, 3,000 yasanduka 6,000. Chotsani 6,000 pa 15,000, mupeza 9,000 yanu ija. Mlimi amene anatenga kamodzi n'kubweza kamodzi zake zimatuluka zolondola, n'chifukwa chake vutoli limabisala mpaka anthu atayamba kubweza pang'onopang'ono.

Kukonza kwake: pangani query imodzi yophatikiza katundu yense wa mlimi aliyense, kuti munthu mmodzi akhale ndi mzere umodzi. Pangani ina yophatikiza zobweza chimodzimodzi. Kenaka yachitatu ilumikize ziwirizo ku tebulo la alimi.

Za anthu osaoneka aja, nkhani yake ili pa kamzere kolumikiza matebulo. Kamzere kamene Access imaika yokha kamaonetsa okhawo amene akupezeka mbali zonse ziwiri, ndiye amene sanabwezepo amatayika. Dinani kawiri pa kamzereko, musankhe njira imene ikuti onetsa onse a m'tebulo la alimi. Mu SQL, chilankhulo cholembera ma query, imeneyo ndi LEFT JOIN. Mukatero muona kuti amene sanabwezepo, malo awo a zotsala ali opanda kanthu, chifukwa mu database chopanda kanthu si ziro. Chopanda kanthucho chimatchedwa Null, ndipo 5,000 kuchotsapo Null yankho lake ndi Null. Muikepo Nz(zobweza, 0) kuti Null iwerengedwe ngati ziro.

Musanakhudze chilichonse, koperani fayilo yonse pa flash. Yesererani pa kopeyo.

Madala a Access, Tete

Mwanayu wanena zoona. Ndingowonjezera kuti Nz mkati mwa query nthawi zina imabweza yankho ngati mawu osati ngati nambala. Mudzazindikira mukaona manambala akutsamira kumanzere, kapena posanja 900 ikubwera pambuyo pa 10,000. Muikute ndi CCur, ikhale CCur(Nz(zobweza, 0)).

Error 3075 ija ndi matenda akale a ife olemba mayina a kuno. Mu SQL kachizindikiro kamene kali mu ng' ndi komwe kamatsegula ndi kutseka mawu. Ndiye query ikafika pa Ng'oma imaganiza kuti dzina lathera pa Ng, ndipo oma yotsalayo siikudziwa kuti ndi chiyani. Amene analemba fomuyo anayesera ndi Banda ndi Phiri basi. Tsegulani code ya batani lofufuzira, pamene dzina likulowa mu SQL muikepo Replace(dzina, "'", "''"), ndiye kuti kachizindikiro kamodzi kasanduke tiwiri. Njira yabwino koposa ndi kugwiritsa ntchito parameter m'malo momata mawu a munthu mu SQL, chifukwa khomo lomwelo limene Ng'oma akupunthwapo ndi limene munthu wa mtima woipa angalowerepo n'kulemba malamulo ake.

Chenjeraninso ndi mayina okopedwa kuchokera mu Word kapena pa WhatsApp. Kumeneko kachizindikiroka nthawi zina kamabwera kopindika, pamene ka pa kiyibodi ndi kowongoka. M'maso mwanu ndi dzina limodzi, kwa kompyuta ndi mayina awiri.

Kalaliki wa ku Ulongwe

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndapanga ma query atatu aja pa kope, mlimi uja tsopano ali pa 2,000 ndipo osowa aja atulukira. Ndawaonetsa abwana. Koma kutulukira kwawo kwaulula zina. Ndikuona anthu ena alembedwa kawiri kapena katatu m'tebulo la alimi, wina ngati Mwale, pena Muale. Ngongole ili pa Mwale, zobweza zili pa Muale.

Mayi wa pa Zobwe

Apa ndiye mwafika pa ntchito yanga. Ine ndimalemba za malonda a chimanga ndi nyemba pano pa malire, ndipo zimenezi ndi za tsiku lililonse. Munthu amene anaphunzira kuno amalemba dzina mwa Chipwitikizi, amene anaphunzira ku Dedza kapena ku Mwanza amalemba mwa Chichewa. Kamwendo ndi Camuendo, Chimwemwe ndi Chimuemue. Malo nawonso chimodzimodzi: Ulongwe, Ulongue, Ulónguè. Domwe ndi Dómuè. Zobwe ndi Zóbuè. Mukapempha lipoti la malonda a mudzi uliwonse, mudzi umodzi umatuluka patatu.

Za malo n'zosavuta. Musalole kalaliki kutaipa dzina la mudzi. Pangani tebulo la midzi, pa fomu pakhale combo box, ndipo Limit To List ikhale Yes. Mudzi watsopano aziwonjezera munthu mmodzi yekha. Mugwirizane kalembedwe kamodzi, ife tinasankha ka pa zikalata za boma.

Za anthu n'zovutirapo. Dzina silingakhale chozindikirira munthu, chifukwa m'mudzi umodzi mungapeze anthu atatu a dzina limodzi ndi mfunda umodzi. Ife timalemba dzina monga lilili pa BI, chiphaso cha unzika, kenaka pali field ina ya dzina limene amadziwika nalo kumudzi, chifukwa mukapita kukafunsa ndi dzina la pa BI anthu amangokuyang'anani. Ndipo mlimi aliyense tinamupatsa kakhadi kokhala ndi nambala yathu. Akabwera kudzabweza timafunsa khadi, osati dzina.

Mnyamata wa ku Furancungo

Bwanji osangogwiritsa nambala ya foni? Aliyense ali ndi foni masiku ano, ndipo nambala sibwereza.

Mayi wa pa Zobwe

Achimwene, foni ya m'mudzi si ya munthu mmodzi. Nambala imodzi amaperekapo bambo, mayi, ndi mlamu wawo. Mwezi wamawa SIM yatayika, agula ina. Wina ali ndi ya Movitel ya kumudzi, ya Vodacom ya M-Pesa, ndi ya ku Malawi yoyimbira abale. Nambala ya foni muisunge, koma isakhale primary key, chizindikiro chimene database imadziwira munthu aliyense.

Madala a Access, Tete

Amayi akunena zoona. Primary key ikhale AutoNumber, nambala imene Access imapereka yokha, yopanda tanthauzo lililonse. Pa nambala ya khadi kapena ya BI muike index ya No Duplicates, kuti database ikane yokha munthu akafuna kulembedwa kachiwiri.

Pophatikiza Mwale ndi Muale, achimwene a ku Ulongwe, musayambe ndi kufufuta. Sankhani mzere umene utsale, samutsirani zobweza ndi katundu yense wa winayo ku nambala ya wotsalayo, mukatsimikiza kuti wachiwiriyo alibenso kanthu ndiye mumufufute. Onani kaye pa Relationships ngati pali Cascade Delete. Ikakhala yoyatsa, kufufuta mlimi kumafufutanso ngongole zake zonse, ndipo Access ilibe batani lobwezera zimenezo. Ine pa nkhani za ndalama Cascade Delete sindiyatsa. Enforce Referential Integrity, imene imakana ngongole kapena zobweza za mlimi amene kulibe, ndiye ndimayatsa nthawi zonse.

Ndipo update query iliyonse muyambe mwaiyendetsa ngati select, muone mizere imene ikhudzidwe. Mukayembekezera mizere 3 ndiye uthenga ukuti mizere 800 isinthidwa, dinani No.

Mayi wa pa Zobwe

Madala, pamene muli pomwepa ndikudandauleni m'malo mwa makalaliki onse. Inu okonza ma database mumakonda kuika Required pa field iliyonse, kuti isasiyidwe yopanda kanthu. NUIT (nambala ya msonkho) Required, BI Required, foni Required. Pamzere pali anthu makumi awiri ndi matumba awo, galimoto ikudikira, mayi amene ali patsogolo panga alibe NUIT, ndipo fomu ikukana kusunga. Mukuganiza kuti kalaliki achita chiyani? Alemba 000000000 kapena 123456789 kuti adutse. Ngati munaikapo No Duplicates, wachiwiri amulembera 000000001. Pakutha pa chaka muli ndi tebulo lodzaza ndi mabodza ooneka ngati zoona, pamene mukanalola malo kukhala opanda kanthu bwenzi mukudziwa amene akufunika kumufunsa.

Required ikhale pa zimene malonda sangachitike popanda izo: munthu, tsiku, katundu, kuchuluka, mtengo. Zinazo muike lamulo lakuti ngati zalembedwa zikhale zolondola. NUIT ili ndi manambala 9, ndiye ikane 8 kapena 10, koma ilole kusiya. Foni ya kuno ilinso ndi manambala 9 ndipo imayamba ndi 82 mpaka 87. Koma musaiwale kuti makasitomala athu ena ali ndi za +265.

Chinanso, bwerani mudzakhale pambali pathu tsiku limodzi la msika. Muone mmene pepala limene tikukopera lasanjidwira, ndipo fomu itsatire pepalalo. Ndikadina Tab cholozera chipite pa bokosi lotsatira, osati kudumphira pansi n'kubwereranso pamwamba. Dzanja likachoka pa kiyibodi kupita pa mouse nthawi yatayika.

Madala a Access, Tete

Ndalandira chidzudzulo, amayi. Pa Required tagwirizana. Pamene sindigonja ndi pa kuchuluka ndi muyeso. Ndinaonapo tebulo limene field ya kuchuluka inali ya mawu, ndiye munali zinthu ngati "matumba 3 ndi theka", "ndowa 2", "50kg". Zimenezo palibe query ingaziphatikize. Kuchuluka kukhale nambala yokha, muyeso usankhidwe pa mndandanda, ndipo tebulo la katundu lidziwe kuti thumba la feteleza ndi makilogalamu 50. Ndowa ya chimanga ndiye musaikhulupirire, pimani pa sikelo mulembe makilogalamu.

Kwa ofuna liwiro mu Access: Ctrl ndi kachizindikiro kathu ka ng' kaja zimakopera zimene zili mu field yomweyo pa mzere wapitawo. Esc kamodzi imabweza zimene mwalemba m'bokosi, kawiri imabweza mzere wonse umene simunasunge. Shift ndi F2 zimakulitsa bokosi laling'ono kuti muone zonse.

Mtsikana wa ku Domwe

Pepani kulowerera, funso langa likufanana ndi zimenezi. Anyamata athu ogula mbewu m'midzi amalemba mu Excel pa malaputopu awo n'kunditumizira, ine ndimalowetsa mu database. Mafayilo a anthu ena amalowa bwino. A ena zonse zimaunjikana mu column imodzi, kapena mtengo wa 12,50 umasanduka 1250. Ndipo Angónia imatuluka AngÃ³nia.

Wakompyuta wa ku Moatize

Achemwali, malaputopu a anyamata anuwo anachokera kosiyana. Yogulidwa ku Tete kapena ku Beira nthawi zambiri Windows yake ili pa Chipwitikizi, yochokera ku Lilongwe, Blantyre kapena Johannesburg ili mwina. Pa Chipwitikizi vírgula (,) ndi imene imalekanitsa metikali ndi masentavo, 12,50. Pa Chingerezi cha ku Malawi kapena ku Britain ntchito imeneyo ndi ya kadontho, 12.50, ndipo vírgula ndi ya masauzande. Ndiye kompyuta ya Chingerezi ikaona 12,50 imatha kutaya vírgula n'kuwerenga 1250, kapena kuisiya ngati mawu. Choopsa kwambiri ndi 1.500, imene kwa wina ndi chikwi ndi mazana asanu, kwa wina ndi imodzi ndi theka.

Kuunjikana mu column imodzi gwero lake ndi lomwelo. Excel ya Chipwitikizi ikamasunga CSV imalekanitsa ndi ponto e vírgula (;), ya Chingerezi imalekanitsa ndi vírgula. Njira yachidule: makompyuta onse a kampani akhale ndi Region imodzi mu Control Panel. Ngati simungathe, auzeni azitumiza xlsx osati CSV, chifukwa mu xlsx nambala imasungidwa ngati nambala mosatengera mmene ikuonekera. Ndipo CSV musamaitsegule podina kawiri. Ilowetseni kudzera pa Data, From Text, kuti musankhe nokha cholekanitsa ndi mtundu wa column iliyonse.

AngÃ³nia ndi fayilo ya UTF-8 imene yawerengedwa ngati Windows-1252. Mu UTF-8 chilembo ó chimatenga ma byte awiri, ndiye pulogalamu yosadziwa imaonetsa zilembo ziwiri. Polowetsa sankhani UTF-8, nambala yake pa mndandanda ndi 65001. Amene amalemba ŵ asamale koposa, chifukwa chilembo chimenecho mu Windows-1252 mulibe n'komwe, chikasungidwa mmenemo chimatayika.

Langizo langa lalikulu: zochokera kunja zisalowe molunjika m'tebulo lenileni. Zifikire kaye m'tebulo longodikirira, muyendetse query yofufuza mitengo yokayikitsa, madeti a mtsogolo, alimi osadziwika ndi mizere yobwereza. Zoyera zokha ndiye zidutse.

Mphunzitsi wa Excel, Tsangano

Ndionjezerepo za manambala ataliatali. Excel imasunga manambala 15 okha molondola, opitirira apo imawasandutsa maziro osakuuzani. NIB ya ku banki ili ndi manambala 21, token ya magetsi ya Credelec ili ndi 20. Mukazilemba mu cell wamba, kumapeto kumakhala maziro ndipo sizibwereranso ngakhale musinthe format pambuyo pake. Ziro wa kutsogolo nayenso amadyedwa, ndiye nambala ya ku Malawi yoyamba ndi 0 imafika yoduka mutu. Lamulo ndi lakuti chilichonse chimene simudzachiphatikiza kapena kuchichulukitsa si nambala, ndi mawu. NUIT, NIB, foni, BI, zonsezo column yake ikhale Text musanayambe kulemba, ndipo mu Access zikhale Short Text.

PROCV, formula yofufuzira chinthu m'tebulo imene pa Chingerezi ndi VLOOKUP, ikamakana kupeza chinthu chimene mukuchiona ndi maso, kawirikawiri pali mpata wosaoneka kumapeto kwa mawu, kapena mbali ina ndi nambala mbali ina ndi mawu. Chochotsera mipata pa Chingerezi ndi TRIM, pa Excel ya ku Portugal ndi COMPACTAR, pa ya ku Brazil ndi ARRUMAR. Ophunzira anga amavutika nazo chifukwa mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi a ku Brazil pamene kompyuta yawo ndi ya Chipwitikizi cha ku Portugal.

Mnyamata wa ku Furancungo

Kunena zoona ine sindikumvetsa chifukwa chimene mukuvutikira ndi Access mu nthawi ino. Ikani zonse pa Google Sheets, aliyense azilemba pa foni yake, nkhani yatha.

Mayi wa pa Zobwe

Netiweki ikachoka, anthu a pamzere aja muwauze kuti adikire Google?

Wakompyuta wa ku Moatize

Netiweki ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi yakuti Sheets kapena Excel siziletsa munthu kulemba zobweza za mlimi amene kulibe, ndipo wina akasanja column imodzi yokha osasankha zinazo, mayina ndi ngongole zimasokonekera zonse. Kwa anyamata a m'midzi, chimene chingathandize ndi KoboToolbox kapena ODK Collect. Fomu imadzazidwa pa foni popanda intaneti, ili ndi mindandanda yosankhapo, ndipo imatumiza ikapeza netiweki. Zimenezo zingachotse mavuto ambiri a achemwali a ku Domwe. Koma kaundula wa ngongole akhalebe mu database yeniyeni.

Wowerengera ndalama, Tete

Ine si wakompyuta, ndine wa contabilidade, koma zimene okonza ma database amalakwitsa zimathera pa desiki panga. Ndipemphe zinthu zingapo.

IVA, msonkho wa pa malonda, musailembe mkati mwa formula. Mu Januwale 2023 IVA inatsika kuchoka pa 17% kufika pa 16%. Amene analemba 0,17 m'ma query anayenera kusaka paliponse, ndipo amene anangosintha kukhala 0,16 anapeza kuti mafatura a 2022 akasindikizidwanso akutuluka ndi ndalama zina, zosiyana ndi pepala limene kasitomala ali nalo. Mzere uliwonse wa fatura usunge mtengo wa tsikulo ndi IVA ya tsikulo. Mtengo wa m'tebulo la katundu ndi wa lero basi, feteleza akakwera usasinthe ngongole ya munthu amene anatenga chaka chatha. Komanso si katundu yense amene amalipira IVA, ndiye mlingo wake ukhale pa katundu aliyense.

Pochotsa IVA pa mtengo umene ili kale mkati, gawani ndi 1,16. Musachotse 16%. Pa 1160 MT yankho ndi 1000. Mukachotsa 16% mupeza 974 ndi masentavo 40, ndipo kusiyana kumeneko kudzakuvutitsani pakutha pa mwezi.

Kwa inu a m'malire, a pa Zobwe ndi a ku Calómuè, amene mumalandira kwacha ndi metikali: field ya ndalama ikhale ndi inzake yonena kuti ndi ndalama yanji, ndi ina ya mtengo wosinthira wa tsikulo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44% tsiku limodzi. Database imene inali ndi mtengo umodzi wosinthira wa malonda onse inasintha mbiri yonse ya m'mbuyo.

Chomaliza, nambala ya fatura isakhale AutoNumber. Mafatura amayenera kutsatizana, koma AutoNumber imadumpha munthu akayamba kulemba n'kusiya, ndipo nambala yodumphidwayo sibwerera. Fatura yolakwika musaifufute, muilembe kuti yathetsedwa, ikhalebe pamalo pake.

Madala a Access, Tete

Mawu a contabilidade amenewo asungeni. Kumbali yathu, field ya ndalama ikhale Currency, osati Double. Double imasunga tizigawo moyerekeza, ndiye mukaphatikiza mizere yambiri mumapeza ngongole yotsala ya 0,0000001 ndipo munthu amene anamaliza kubweza akuonekabe pa mndandanda wa angongole. Dziwaninso kuti Round ya mu Access siimachita ngati ya mu Excel. Ikakumana ndi theka imapita ku nambala yogawika ndi 2, ndiye Round ya 2.5 ndi 2 pamene Excel ikupatsani 3. Senti imodzi imodzi yosiyana pakati pa lipoti ndi Excel ya abwana kawirikawiri imachokera pamenepo.

Kalaliki wa ku Ulongwe

Ndikulemba zonsezi m'kope. Lina latuluka ndikuyerekeza ndi kaundula. Ndikapempha zobweza za kuyambira 1 mpaka 30 Epulo, za tsiku la 30 sizikutuluka. Ndipo ndikapempha kuyambira 3 Epulo, zikubwera ndi za Malichi zomwe.

Wakompyuta wa ku Moatize

Awa ndi mavuto awiri. Loyamba, field ya tsiku ikudzazidwa ndi Now, imene imasunga tsiku ndi ola lomwe. Mukati mpaka 30 Epulo, Access imamva kuti mpaka pakati pa usiku pamene tsiku la 30 likuyamba, ndiye amene anabweza 10 koloko m'mawa ali kunja. Sinthani lamulo likhale lakuti tsiku lichepere 1 Meyi, osati Between. Ngati ola simulifuna, default ikhale Date m'malo mwa Now.

Lachiwiri, mkati mwa SQL ya Access deti limawerengedwa mwa Chimereka, mwezi poyamba, kaya kompyuta yanu ili pa Chipwitikizi kapena ayi. Ndiye #03/04/2025# kwa inu ndi 3 Epulo, kwa Access ndi 4 Malichi. Chonyenga n'chakuti tsiku likapitirira 12, Access imaona kuti kulibe mwezi wa 13 ndipo imatembenuza yokha molondola. Ndiye kuyambira pa 13 mpaka kumapeto kwa mwezi zonse zimayenda, vuto limangobwera masiku 12 oyamba. Mu code, deti lilowe mu SQL litasanjidwa chaka poyamba, 2025-04-03. Limenelo silisokonezeka.

Onaninso wotchi ya kompyuta m'mawa uliwonse. Makompyuta akale kabatire kake ka mkati, ka CR2032, kakatha, magetsi akazima deti limabwerera zaka za m'mbuyo ndipo malonda a tsikulo amalembedwa chaka cholakwika. Kabatireko n'kotsika mtengo. Pa fomu muikenso lamulo lokana deti la mtsogolo kapena lakale kwambiri.

Mtsikana wa ku Domwe

Poti mwatchula magetsi. Yathu ikazima mwadzidzidzi nthawi zina imati Unrecognized database format. Tili ndi makompyuta atatu, onse amatsegula fayilo imodzi kudzera pa WiFi.

Madala a Access, Tete

Mwanawe, pamenepo pali zoopsa ziwiri pamodzi. Access ikadulidwa ili mkati molemba, fayilo imaonongeka, kaya chadula ndi magetsi kapena WiFi yogwedera. Kokani waya wa netiweki pakati pa makompyutawo. Kompyuta yosunga fayilo ndi switch zikhale pa UPS, batire logwirizira magetsi akazima, kapena fayilo ikhale pa laputopu imene batire lake lili moyo.

Kenaka gawani database pawiri, chida chake chili pa Database Tools. Matebulo akhale mu fayilo imodzi pa kompyuta yaikulu, mafomu ndi ma query akhale mu fayilo ina imene kompyuta iliyonse ili ndi kope lakelake. Ikaonongeka ya mafomu mumangokopera ina.

Ikakana kutseguka, tulutsani anthu onse, koperani fayilo yoonongekayo kaye, ndiye muyese Compact and Repair pa kopeyo. Ikakanika, pangani database yatsopano yopanda kanthu muitanitsiremo matebulo limodzi limodzi. Kafayilo ka laccdb, kamene Access imapanga database ikakhala yotsegula, kakatsalira pamene aliyense watseka, mutha kukafufuta.

Malire a fayilo ya Access ndi 2 GB. Loja wamba sifika pamenepo ndi manambala okha, amene amafikitsa ndi zithunzi za ma BI zoikidwa mkati. Zithunzi zikhale mu folder, database isunge dzina la fayilo basi.

Za backup: tsiku lililonse poweruka, anthu onse atatseka, dzina la kope likhale ndi deti, ndipo musalembe pamwamba pa la dzulo chifukwa mwina mwakopera yoonongeka kale. Kope lina lizigona kunja kwa loja. Kamodzi pa mwezi tsegulani kope limodzi muone ngati likutsegukadi. Pa Google Drive kapena OneDrive ikani makope okha, fayilo imene anthu akulembamo isakhale mu folder yodzitumiza yokha.

Kalaliki wa ku Ulongwe

Abwana akufuna kutsegula loja ina ku Domwe chaka chino. Akuti tizingotumizirana fayilo pa WhatsApp madzulo aliwonse. Zingatheke?

Wakompyuta wa ku Moatize

Fayilo yonse ayi. Inu mukalemba ku Ulongwe, iwo n'kulemba ku Domwe tsiku lomwelo, madzulo muli ndi mafayilo awiri osiyana ndipo AutoNumber ya uku ndi ya uko zapereka nambala imodzi kwa anthu awiri. Wokopera pamwamba pa mnzake wafufuta ntchito ya tsiku lonse. Komanso mmenemo muli mayina, ma BI ndi ngongole za anthu, si zoyenda m'mafoni.

Ngati netiweki ya malo onse awiri ndi yodalirika, matebulo asamukire ku SQL Server Express, imene ndi yaulere ndipo ya 2019 kapena 2022 imafika 10 GB, kapena ku PostgreSQL. Mafomu anu a Access angathe kukhalabe omwewo, olumikizidwa kudzera pa ODBC. Ngati si yodalirika, loja iliyonse ikhale ndi database yake, mzere uliwonse ukhale ndi chilembo cha loja, makhadi a ku Ulongwe ayambe ndi U, a ku Domwe ndi D. Madzulo a ku Domwe azitumiza mizere yatsopano yokha, inu muilandirire m'tebulo lodikirira lija. Mndandanda wa katundu ndi mitengo uzisinthidwa ku Ulongwe kokha.

Mayi wa pa Zobwe

Ndipo mugwirizane msanga za mlimi amene watenga feteleza ku Ulongwe koma akufuna kubwezera ku Domwe chifukwa ndi kufupi ndi kwawo. Adzabwera ndithu, sabata yoyamba yomwe. Kalaliki wa ku Domwe asamutsegulire khadi latsopano. Alembe pa nambala ya U yomweyo, amupatse risiti ya pamanja yokhala ndi nambala, ndipo nambala ya risitiyo ilowe mu database kuti inu ku Ulongwe mukailandira kawiri ikanidwe.

Kalaliki wa ku Ulongwe

Ndamva amayi. Risiti zathu za pamanja zili ndi manambala kale, kungoti field yake pa fomu panalibe. Ndiiwonjezera Loweruka tikatseka, pamodzi ndi za madeti zija. Achimwene a ku Moatize, code ya batani lofufuzira ndaipeza koma mizere yokhala ndi dzina ilipo iwiri. Ndiika chithunzi chake pano madzulo, mundionetse woyenera kuikapo Replace.

Wakompyuta wa ku Moatize

Ikani, koma mubise mayina a alimi ngati akuoneka. Mwina pafunika pa mizere yonse iwiri.